Lenzi ya 15mm pa kamera ya rangefinder: zimene ndaona pa zaka ziwiri

Mpukutu woyamba wa filimu umene ndinajambula ndi lenzi ya 15mm ndinauonera ndekha, chitseko chili chotseka. Mwa zithunzi 36, zisanu ndi ziwiri zinali ndi chala changa chitasuzumira pakona, zinayi zinali ndi nsonga za nsapato zanga m'munsi, ndipo pa chimodzi lamba wa kamera anali lende pakati pa mitambo ngati njoka yogwa mumtengo. Ziwiri zinali bii, chifukwa ndinaiwala kuchotsa chivundikiro. Amene munagwirapo kamera ya rangefinder mukudziwa kale mmene zoterezi zimachitikira. Diso siliona kudzera mu lenzi ayi. Umasuzumira pa kawindo kakekake, kawindoko n'kumakuonetsa dziko lili mbee, pomwe lenzi ili mumdima kapena ikuyang'anizana ndi chala chako.

Lenzi yake ndi Voigtländer Super Wide-Heliar 15mm f/4.5, mtundu wachitatu, umene unatuluka mu 2015. Amapanga ndi a Cosina a ku Japan, omwe akhala akugwiritsa ntchito dzina la Voigtländer kuyambira mu 1999. Ndimaimanga pa makamera awiri, Leica M6 ya filimu ndi Leica M10 ya dijito. Patapita miyezi ingapo ndinagulanso Color-Skopar 21mm f/4 ya anthu omwewo, ndipo za 15mm sizingakambike bwino popanda kuika inzakeyi pambali pake.

Chinandikopa ndi masitepe. Pali nyumba ina yakale ya nsanjika zisanu imene ndinkapitako kawirikawiri pa zantchito, ndipo masitepe ake amazungulira ngati chigoba cha nkhono. Ndikaima pansi n'kuloza kamera kumwamba ndi 28mm, ndinkangotenga theka la mzungulirowo. Kobwerera kunalibe, msana unali utagunda kale khoma. Lenzi ya 28mm imaona madigiri 75 kuchokera pakona ina kufika pakona inayo, ya 21mm pafupifupi 92, pomwe ya 15mm imameza 110. Papepala mamilimita 6 amaoneka ngati kanthu kochepa, ndipo pa malenzi aatali n'zoonadi, palibe angakuuzeni kuti ichi ndi cha 85 ichi ndi cha 90. Koma kumunsi kuno milimita iliyonse ndi dera lakelake.

Chinthu chimene ndikanakonda wina akanandikhazika pansi n'kundiuza ndisanagule ndi ichi: pa rangefinder sugula lenzi yokha, umagulanso pooneramo. Mu viewfinder (kawindo kosuzumira kaja) ya M6 yanga, imene imaonetsa zinthu zochepetsedwa pa 0.72, mizere yosonyeza malire a chithunzi imathera pa 28mm, ndipo ine wovala magalasi ngakhale mizere ya 28 yomweyo ndimachita kuisakasaka pozunguza diso. Chilichonse chotambalala kuposa pamenepo chimafuna viewfinder yapadera, kagalasi kamene kamalowa pa njanji ya pamwamba pomwe pamakhala fulashi. Ndiye kujambula kumasanduka ntchito ya mawindo awiri. Diso pansi, kulinganiza fokasi ndi kuona choyezera kuwala. Diso pamwamba, kukonza chithunzi. Munthu amene umafuna kumujambula akasuntha, diso pansinso. Masabata oyamba ndinkaiwala windo la pansi kotheratu, chifukwa kagalasi ka pamwamba kamawala kwambiri ndipo kamaonetsa chilichonse chili chakuthwa, kaya fokasi ili pati.

Kagalasiko kalinso ndi bodza lake. Kamakhala masentimita angapo pamwamba pa lenzi, choncho chinthu chikakhala pafupi, zimene ukuona ndi zimene zikulowa pa filimu zimasemphana. Pa mamita atatu sizidziwika. Pa theka la mita, pamene lenzi yotereyi imakomera kwenikweni, chinthu chimene unachiika pakati chimapezeka chakwera, ndipo m'munsi mwalowa zinthu zimene sunazione. Nsapato zija zinalowa choncho. Chinanso, kagalasi kamapinda mizere ya m'mbali ngati mimba ya mgolo, pomwe lenzi yeniyeniyo mizere imaiwongola pafupifupi ngati rula. Zinanditengera nthawi kuti ndisiye kukhulupirira mimbayo n'kumangodalira mzere wa pakati. Ndipo kagalasi kakakhala pamenepo, fulashi ilibe malo. Kamakolanso m'chikwama. Kanga kanagwapo kawiri, ulendo wachiwiri pa simenti, ndipo tsopano ndimakapanikiza ndi kachidutswa ka pepala pansi pake kuti kagwire nji.

Pali kamera imodzi ya filimu imene inathetsa vutoli mpaka pa 21mm, Bessa R4 ya 2007, imene viewfinder yake ndi ya 0.52 ndipo ili ndi mizere ya 21, 25, 28, 35 ndi 50 mkati momwemo. Anasiya kupanga, imapezeka yogwiritsidwa kale ntchito basi. Ndinabwerekapo ya mnzanga kwa sabata imodzi, ndipo sabata imeneyo ndi imene inandichititsa kugula 21mm. Pa makamera a dijito, kuyambira pa M Typ 240 kupita m'tsogolo, ambiri ali ndi live view, moti ukhoza kuona chithunzi chenicheni pa sikirini yakumbuyo kapena pa Visoflex, viewfinder yamagetsi ya Leica. Pa M10 ndimachita zimenezo ndikakhala m'nyumba ndipo ndili ndi nthawi. Zimathandiza, sindikana. Koma munthu wagula rangefinder n'kumaigwira patali ndi nkhope ngati foni, mumtima mumakhala kafunso. Eni Leica M8 ndi M9, makamera a dijito akale, mwayi umenewu alibe. A M8 akumbukirenso kuti sensa yawo ndi yocheperako, imachulukitsa ndi 1.33, ndiye 15mm kwa iwo imaona ngati 20mm ndipo kagalasi kowayenera ndi ka 21.

Za fokasi sindichedwapo, chifukwa pa 15mm ndi nkhani yaing'ono. Ikani kabowo kolowetsa kuwala pa f/8, mphete ya mtunda pa mita imodzi, ndipo chilichonse kuyambira theka la mita mpaka kumapiri chili bwino. Mtundu woyamba wa lenziyi, wa 1999, sunkalumikizana n'komwe ndi rangefinder yeniyeniyo, choyezera mtunda cha m'kamera, ndipo unatuluka limodzi ndi Bessa-L, kamera yopanda windo lililonse losuzumirapo. Anthu ankangoyerekeza mtunda ndi maso, zithunzi n'kumatuluka. Wachitatuwu umalumikizana mpaka pa 0.7m, pamene rangefinder imalekezera, kenako mphete imapitirira yokha mpaka pa 0.5m. Ine ndimagwiritsa ntchito kachigamba kolinganizira fokasi ka pakati pa windo la kamera pokhapokha ndikatsegula f/4.5 chinthu chili pafupi.

Choyezera kuwala ndiye chinandipusitsa. M6 imayeza kuwala kuchokera pa kadontho koyera ka mamilimita 12 kamene kali pa nsalu ya shata. Ndi 50mm kadonthoko kamaona kagawo kochepa ka pakati. Ndi 15mm kadontho komweko kamaona dera lalikulu, ndipo panja nthawi zambiri mumalowa thambo. Kamera imaganiza kuti kwawala kwambiri, iwe n'kutseka, anthu onse pansi n'kutuluka akuda ngati zithunzithunzi za madzulo. Tsopano ndimayamba ndaweramitsa kamera pansi, kuyeza, kenako n'kudzutsa.

Funso lalikulu kuposa la mamilimita ndi lakuti kumbuyo kwa lenzi kuli filimu kapena sensa. Apa mpofunika kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kamera ya SLR ili ndi kalilole wogubuduka pakati pa lenzi ndi filimu, n'chifukwa chake pa Nikon F mtunda wochokera pomangira lenzi kufika pa filimu ndi mamilimita 46.5. Pa Leica M, imene inayamba ndi M3 mu 1954, ndi 27.8 okha, ndipo mkatimo mulibe chogubuduka. Opanga malenzi anapezerapo mwayi wolowetsa galasi lakumbuyo mkati mwenimweni, pafupi ndi nsalu ya shata, n'kupanga malenzi amene theka lakutsogolo ndi lakumbuyo akufanana. Biogon 21mm f/4.5 imene Ludwig Bertele anakonzera Zeiss, yotuluka mu 1954 pa makamera a Contax, ndi kholo la ambiri. Super-Angulon 21mm ya Leica, ya f/4 mu 1958 ndi ya f/3.4 mu 1963, inatsata njira yofananayo. Malenzi otere amakhala aang'ono, mizere yowongoka modabwitsa. Mtengo wake wa ubwinowu ndi wakuti kuwala kumafika m'makona mopendekeka kwambiri, ndipo Super-Angulon imalowa mkati mpaka kutchinga choyezera kuwala cha M6.

Filimu ilibe nazo ntchito kuti kuwala kwabwera chopendekeka. Imangoda pang'ono m'makona, basi. Sensa ndi ina. Pamwamba pake pali galasi, pansi pa galasilo timagalasi ting'onoting'ono pa kadontho kalikonse, ndipo kuwala kobwera cham'mbali kumasochera, kwina kumagwera m'kadontho ka mtundu wina. Zotsatira zake ndi m'mbali mwa chithunzi mofiirira kapena mwa pepo, nthawi zina mbali imodzi yofiira inayo yobiriwira. M9 itatuluka mu 2009 ndi sensa yaikulu ngati filimu ya 35mm, eni malenzi akale otambalala anaziona zimenezi pa thambo lililonse ndi khoma loyera lililonse. Si kuti malenziwo anali olakwika, anawapangira filimu. Leica imakonza ake mkati mwa kamera pogwiritsa ntchito timadontho 6 takuda ndi toyera tomwe tili pomangira lenzi, njira imene anayamba mu 2006. Pa malenzi a makampani ena umasankha pamanja dzina la lenzi ya Leica yoyandikira, kapena umakakonza pa kompyuta.

Mtundu wachitatu wa 15mm anaukonzanso kuchokera pachiyambi chifukwa cha vuto lomweli. Uli ndi magalasi 11 pomwe woyamba unali ndi 8, ndipo kuwala kumatuluka kumbuyo kowongokako. Pa M10 yanga khoma loyera limatuluka loyera mpaka m'mphepete. Koma unanenepa. Woyamba uja unali kanthu kongokwana m'chikhatho, magalamu ongopitirira 100 pang'ono, pomwe uwu ukuyandikira 250 ndipo ndi wautali koonekeratu. Wojambula pa filimu yokha sindikuona chifukwa choti anyamulire kulemera kumeneku. Mtundu wachiwiri, wa 2009, uli ndi magalasi ofanana ndi woyamba, umamangika pa M mwachindunji, umalumikizana ndi rangefinder ndipo umalandira fyuluta ya 52mm. Wa dijito wojambula zamitundu atenge wachitatu, asavutike.

M'manja ndi yokoma. Ndi chitsulo chokhachokha, mphete ya fokasi imayenda mosalala koma molimbirako, moti siisuntha yokha m'chikwama. Chotchingira dzuwa ndi chomangiriratu, sichichoka, ndipo fyuluta ya 58mm imalowa mkati mwake. Pakati pa chithunzi ndi yakuthwa kuyambira pa f/4.5 pomwe. M'makona mumada ndithu ukatsegula yonse, mdimawo umachepa pa f/8 koma sutheratu, ndipo pa zithunzi zakuda ndi zoyera ine ndimaukonda, umakokera diso pakati. Dzuwa silimaiopsa. Ndi 110 madigiri dzuwa limalowa m'chithunzi kaya ufune kaya usafune, ndipo kawirikawiri ndimangopeza kadontho kamodzi kobiriwira, osati chifunga chophimba zonse. Magetsi a usiku amatuluka ngati nyenyezi za nsonga 10.

Tsiku limene inandionetsa chimene inabadwira linali m'kachipinda ka mmisiri wa matabwa, mamita atatu m'litali, awiri m'lifupi, windo limodzi kumanzere. Bamboyo anali akupala thabwa lalitali la chitseko. Ndinagwada kumapeto kwa benchi, lenzi ili pafupifupi theka la mita kuchokera pa dzanja lawo, filimu ya 400, f/5.6, shata pa 1/8 ya sekondi, zigongono nditatsamiritsa pa benchi pomwepo. Pa chithunzicho dzanja ndi chopalira zadzaza kutsogolo, zazikulu, mitsempha ikuoneka. Zopalapala zapiringizika pansi pake. Thabwa likuthawira kumbuyo ngati msewu, nkhope yawo ili chapakati, ndipo kuseri kwawo kukuoneka khoma lonse la macheka, denga la malata ndi kamnyamata kataima pakhomo kamene ine sindinakaone n'komwe pojambula. Chipinda chonse ndi ntchito yonse m'chithunzi chimodzi. 21mm ikanadula denga ndi kamnyamatako. Ndipo 1/8 pamanja inatheka chifukwa lenzi yaifupi chonchi siionetsa kunjenjemera msanga, komanso mulibe kalilole womenya mkati. N'chifukwa chake f/4.5 siindidetsa nkhawa monga ndinkaganizira.

Sabata yomweyo inandichititsanso manyazi. Tinali anthu asanu ndi atatu m'chipinda chochezera, ndipo ndinati ndijambule onse pa mpando wautali. Achemwali anga anakhala kumapeto. Chithunzi chitatuluka, mutu wawo unali utakokedwera kukona, phewa limodzi lotambalala ngati la munthu wina. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, ndinakulakwirani chiyani?" Lenzi sinalakwe. Iliyonse yowongola mizere pa madigiri ochuluka chonchi imatambasula zinthu zobulungira zikakhala m'mphepete, ndi masamu chabe. Koma masamu sungawafotokozere munthu amene wamutalikitsa mutu.

Kupendeketsa kamera ndi msampha wina. Ukangoidzutsa pang'ono, nyumba zimagwera chagada, zipilala n'kumasonkhana kumwamba. Ukaiweramitsa, makoma amakugwera. Ukapotoza dzanja pang'ono chabe, nyanja imatsetsereka. Pa 28mm zolakwa zoterezi zimabisala, pa 21mm zimaoneka, pa 15mm zimakuwa. Amene amajambula nyumba agule kalevulo kakang'ono, ngakhale kuti pokaika pamakhala patatengedwa kale ndi kagalasi kaja, ndiye mumafunanso kachitsulo ka njanji ziwiri. Kamera imene unaikondera kuchepa imayamba kumera nyanga.

Vuto lenileni la 15mm, limene silili m'magalasi koma mwa wojambula, ndi pansi. Theka la chithunzi limakhala pansi, ndipo ngati palibe chinthu chogwira mtima pa mita imodzi kuchokera pomwe waima, theka limenelo ndi dothi kapena phula lopanda kanthu. Phiri limene linakuimitsa limasanduka kachulu kutali uko. Miyezi yoyamba ndinkaganiza kuti lenzi yotambalala ndi ya malo aakulu. Zithunzi zanga za malo aakulu ndi zimene zili zozizira kuposa zonse. Zabwino zonse ndinazijambula mopanikizika, m'makonde, m'sitima, pansi pa mlatho, pomwe ndinali pafupi ndi chinthu mpaka kuchita manyazi.

Ndiye inabwera 21mm f/4. Kanthu kakang'ono, sikafika magalamu 150, fyuluta ya 39mm yofanana ndi ya malenzi ambiri a Leica, ndipo kamera imalowa nako m'thumba la jekete. Imafunabe kagalasi ka pamwamba pa M6, ngakhale kuti pa msewu ndinazolowera kungoloza osasuzumira n'komwe: f/8, mamita awiri, chilichonse kuyambira mita imodzi chili bwino. Munthu wa m'mphepete amakhalabe munthu. Chala sichilowa. Ukhoza kuyenda nayo tsiku lathunthu n'kujambula msewu, chipinda, gulu la anthu, osamva kuti lenzi ndiyo ikulamula. Kapangidwe kake ndi ka nthawi ya filimu, choncho pa sensa m'mbali mumafuna kukonza mitundu, ndipo a Cosina anatulutsa 21mm f/3.5 mu 2018 yoganizira dijito. Ine yangayi imakhala pa M6 nthawi zambiri. Nditawerenga mipukutu ya chaka chathachi, pa zithunzi khumi zilizonse zotambalala, zisanu ndi zitatu zinali za 21.

Zina zimene ndinaziganizira ndingozitchula mwachidule. Zeiss ili ndi Biogon 21mm f/2.8 ZM, yowala kwambiri koma yokulirapo, ndi C Biogon 21mm f/4.5 imene pa filimu mizere yake ndi yowongoka mosaneneka koma pa sensa ya mitundu imavuta. Distagon 18mm f/4 ili pakatikati, madigiri pafupifupi 100, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanayamba ndi imeneyo mwina sindikanagula ziwiri. Leica Super-Elmar-M 21mm f/3.4 ya 2011 ndinaigwirapo masana amodzi, yakuthwa mpaka m'makona, kamera ya dijito imaizindikira yokha, koma thumba langa linakana. Tri-Elmar 16-18-21 ya 2006 imaika atatu m'modzi, ndipo viewfinder yake ndi chimphona choti anthu anachipatsa dzina lachipongwe. Za f/1.4, Summilux ndi Nokton, ndi za ojambula usiku, zolemera, zotchinga windo la kamera. Kumunsi kwa 15 kuli 12mm ya madigiri 121 ndi 10mm ya 130. Ya 10 ndinasuzumiramo kamodzi n'kuona mapazi anga onse awiri ndili chiimire mowongoka, mtima n'kuyamba kale kuwerengera. Ndinaibweza msanga. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Wina akandifunsa lero kuti ayambe ndi iti pa rangefinder, ndimati 21, ndipo ayese kaye kagalasi kake ndi magalasi ake a m'maso asanalipire, chifukwa ena mwa timagalasiti sutha kuona m'mbali mwake utavala magalasi. Ya 15 ndi ya munthu amene ali kale ndi chithunzi m'mutu chimene 21 yalephera kutenga, ndipo akhoza kukuuzani malo ake ndi khoma limene msana wake unagunda.

Ine malo anga anali masitepe aja. Ndinabwererako ulendo wachitatu m'mawa kwambiri anthu asanayambe kukwera, n'kugona chagada pa simenti yozizira pakati penipeni, lamba nditamukulunga padzanja, zala zonse kumbuyo kwa mphete ya fokasi, miyendo nditaitambasulira kukhomo. Mlonda anaima pa nsanjika yachiwiri n'kusuzumira pansi kuti aone ngati ndakomoka. Ali m'chithunzimo, kamutu kakang'ono pa mzunguliro wachiwiri, ndipo nkhono yonse yakwana mpaka pa galasi la padenga.